Doko la Zanzibar ndi Majahazi Ake: Mafunso ndi Mayankho

Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo nkhafi ndinaigwira ndisanadziwe kulemba dzina langa. Koma nyanja yamchere ndinaiona ndili wamkulu kale, nditapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo monga amachitira Amalawi ambiri. Ulendo wina katundu atachedwa ndinaolokera ku Zanzibar, ndipo chiyambire pamenepo sindifika ku Dar osakapondako. Abale ndi anansi amandifunsa zambiri za doko lakumeneko. Mafunso omwe amabwerabwera ndawasonkhanitsa pano.

Doko limeneli lili pati, ndipo munthu amafikako bwanji?

Zanzibar ndi zilumba ziwiri zikuluzikulu, Unguja ndi Pemba, pamodzi ndi tizilumba tambiri. Doko tikunenali lili kumadzulo kwa Unguja, pakhomo penipeni pa mzinda wakale wa Stone Town, womwe eni ake amautcha Mji Mkongwe. UNESCO inauika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000. Kuchokera ku Dar, boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri. Pasipoti isatsale m'chikwama cha kuhotela, chifukwa ngakhale Zanzibar ndi mbali ya Tanzania kuyambira pa 26 Epulo 1964, mlendo amaionetsa akamatsika.

Chenjerani ndi nthawi. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, choncho akati “saa moja asubuhi” akunena 7 koloko m'mawa. Funsani kawiri musanagule tikiti.

Chinalitchukitsa n'chiyani, poti madoko alipo ambiri?

Mphepo. Ife akunyanja timadziwa mwera ndi mpoto, timadziwanso kuti mwera ukakalipa m'mwezi wa Juni kapena Julayi msodzi wanzeru amakokera bwato kumtunda. Panyanja ya Indian mphepo ziliponso ziwiri, koma zimasinthana mokhulupirika ngati dzinja ndi chilimwe. Kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Malichi kumaomba kaskazi, yochokera kumpoto chakum'mawa. Kuyambira Epulo mpaka chakumapeto kwa Sepitembala kumaomba kusi, yochokera kummwera.

Taganizani tanthauzo lake kwa munthu wa ku Muscat, ku Sur kapena ku Kutch ku India amene alibe injini. Kaskazi ikayamba amakweza thanga, mphepo n'kumukankha mpaka kugombe la Africa m'masabata atatu kapena anayi. Akafika sangabwerere, ngakhale atagulitsa zonse tsiku lomwelo. Ayenera kudikira miyezi kuti mphepo itembenuke. Podikirapo amafuna pogona, madzi, chakudya, mzikiti, womukonzera chombo ndi womubwereka ndalama. Ena ankakwatira konko. Mzinda wonse wa Stone Town, chinenero chake, zakudya zake, ngakhale nkhope za anthu ake, zinabadwa m'kudikira kumeneku.

Ndipo Zanzibar inakhala pamalo abwino. Ili pafupi ndi polekezera pomwe chombo chingapite ndi kaskazi n'kubwerera ndi kusi chaka chomwecho. Ili ndi madzi abwino akumwa, doko lake ndi lakuya ndipo chilumbacho chimalitchinga ku mafunde akuluakulu a kum'mawa. Pokhala chilumba, adani a kumtunda sankachifikira wamba. Buku lina lachigiriki la amalinyero, lolembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, limatchula kale chilumba cha m'dera lino chokhala ndi mabwato osokedwa.

Mabwato osokedwa? Amasoka bwanji bwato?

Ankasokadi. Chombo chotchedwa mtepe chinalibe msomali ngakhale umodzi. Matabwa ake ankawaboola n'kuwamanga ndi chingwe cha ulusi wa makoko a kokonati, thanga lake linali mkeka wolukidwa. Chinkadontha, moti amalinyero ankakhalira kukapa madzi, koma chikagunda mwala chinkapindika osasweka. Mitepe inasiya kuyenda chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Nanga zombo zomwe zilipo lero ndi zamtundu wanji?

Azungu amangozitcha zonse dhow, koma padoko chilichonse chili ndi dzina lake. Chachikulu ndi jahazi, chonyamula katundu, chotambalala kumatako, chokhala ndi mlongoti umodzi ndi thanga lalikulu la ngodya zitatu. Mashua ndi locheperapo, la asodzi ndi maulendo apafupi. Kenako pali ngalawa, ndipo apa ndinadabwa. Kwathu tikati ngalawa timaganiza chombo chachikulu, koma kumeneko ngalawa ndi bwato losemedwa kuchokera ku thunthu limodzi, kawirikawiri la mango, lokhala ndi mapiko awiri a thabwa uku ndi uku kuti lisagudubuke. Amaliikanso thanga, ndipo limathamanga modabwitsa. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza za asodzi athu omwe amakhala pamilomo ya bwato miyendo ili m'kati, mwera ukuwamenya.

Kale kunkabweranso zombo zazikulu zedi za ku Arabia ndi India, monga boom, baghlah ndi sambuk. Baghlah inkakhala ndi mawindo ndi zosema kumbuyo ngati nyumba ya mfumu. M'nyengo ya kaskazi zombo zimenezi zinkadzaza doko mlongoti ndi mlongoti.

Jahazi amalikhoma bwanji?

Mukafuna kuona, pitani ku Nungwi kumpoto kwa chilumbachi. Ndinakhalako tsiku lathunthu pansi pa mthunzi wa makuti, denga la masamba a kokonati, ndikuyang'ana fundi, mmisiri wokhoma zombo, wina wachikulire ndi anyamata ake. Panalibe pepala, panalibe chojambula. Muyeso wake unali chingwe, dzanja ndi diso. Amayamba ndi mtanda wapansi, womwe ndi msana wa chombo, kenako matabwa oyamba, kenako nthiti. Za nthiti amasankha nthambi zomwe zinakula zokhota kale, chifukwa mtengo wokhota mwachibadwa ndi wolimba kuposa wochita kuusema.

Zida zake mmisiri wa kwathu angazizindikire: nsompho, macheka, nyundo, tchizulo. Chinandikopa mtima ndi choboolera chawo. Ndi kamtengo kokhala ndi chitsulo kunsonga, kokulungidwa ndi chingwe cha uta. Mnyamata amakoka utawo uku ndi uku, kamtengo n'kumazungulira, utuchi n'kumatuluka. Bowo likatha amakulunga thonje kumutu kwa msomali n'kuukhomera. Mipata ya pakati pa matabwa amaitseka ndi thonje lonyowetsedwa mafuta, kulikhomerera pang'onopang'ono ndi kachitsulo. Ntchito imeneyi amaitcha kalafati, ndipo kulira kwake, kho kho kho, kumamveka gombe lonse. Matabwa amawapaka mafuta a chiwindi cha nsomba ya shaki. Fungo lake silichoka msanga m'malaya. Pansi pa chombo amapaka laimu wosakaniza ndi mafuta a nyama kuti tizilombo toboola matabwa tisalowe.

Ndinamufunsa fundiyo kuti amadziwa bwanji kuti mbali ziwirizo zafanana. Sanayankhe ndi pakamwa. Anandigwira mkono, n'kundiimika kutsogolo kwa chombo, n'kunditseka diso limodzi ndi chikhatho chake.

Moyo wa m'jahazi ndi wotani?

Wolamula ndi nahodha, ndipo mawu ake sabwezedwa. Amalinyero amawatcha mabaharia. Mwamwambo salandira malipiro a pamwezi: ulendo ukatha amachotsa za chakudya ndi gawo la mwini chombo, zotsala n'kugawana. Chombo chikapanda katundu, aliyense wagona ndi njala. N'zofanana ndi mmene alovi a chilimira amagawanirana kwathu.

Chipinda mulibe. Munthu amagona pamwamba pa matumba. Amaphika m'bokosi lothira mchenga, chakudya chake mpunga kapena nsima, nsomba youma ndi tiyi wa shuga wambiri. Chimbudzi ndi kabokosi kolendewera kunja kwa chombo chakumbuyo. Ntchito yowawa kwambiri ndi kukweza thanga, chifukwa mtengo womwe limamangidwapo umatalika pafupifupi ngati chombo chenichenicho. Amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi amagwira chingwe chimodzi, mmodzi n'kutsogolera nyimbo, enawo n'kumavomera akukoka. Pofuna kutembenuka, mtengo wonsewo amauimika n'kuuzungulitsa kutsogolo kwa mlongoti, wogwira tsigiro ali tcheru. Akalakwitsa mphepo ili yamphamvu, chombo chimatha kugona chammbali.

Doko linayamba liti kukhala la chuma chambiri?

Apwitikizi atathamangitsidwa ndi Aomani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, linga lakale lomwe lili pafupi ndi gombe linamangidwa. Koma chuma chenicheni chinabwera ndi Seyyid Said, mfumu ya Oman, yemwe pofika 1840 anali atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar. Analimbikitsa minda ya karafuu, zokometsera zakudya zija zooneka ngati timisomali. Anaitana amalonda a ku India, ndipo ntchito yotolera msonkho padoko anaibwereketsa kwa iwo, wotchuka kwambiri kukhala Jairam Sewji. Anapangana za malonda ndi America mu 1833, Britain mu 1839 ndi France mu 1844. Mu 1840 chombo chake, Sultana, chinafika mpaka ku New York.

Zolowa zinali nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi onga, komanso tende, mchere ndi nsomba zouma za ku Arabia. Nsalu yoyera yobwera ndi zombo za ku Salem ku America inafala kwambiri mpaka anaipatsa dzina loti merikani, ndipo m'kati mwa Africa inkagwira ntchito ngati ndalama. Zotuluka zinali karafuu, utomoni wa copal, zikopa, milimo ya mikoko, mitengo yomera m'madzi amchere a m'gombe, yomangira nyumba ku Arabia komwe kulibe nkhalango, ndi minyanga ya njovu. Minyangayo inkapita ku Bombay kukasemedwa zibangili, ku London ndi ku America kukapangidwa zipeso ndi makiyi a piyano. Amalonda ambiri ankatenga katundu pangongole kwa amwenye, n'kulowa kumtunda chaka chimodzi kapena ziwiri. Tippu Tip, yemwe nyumba yake ikadalipo ku Stone Town, anali mmodzi wa iwo. Panali mawu otchuka masiku amenewo oti chitoliro chikalira ku Zanzibar, anthu amavina kunyanja zikuluzikulu za kumtunda. Imodzi mwa nyanja zimenezo ndi yathu.

Ndiye kuti makolo athu anadutsa padoko limeneli?

Anadutsa, ambirimbiri, ndipo sanadutse ngati apaulendo.

Ku Nkhotakota mwana aliyense amamva za Jumbe. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, ndipo anakhoma majahazi panyanja yathu, maonekedwe ake omwewo a kugombe. Anthu ogwidwa kumadera a Achewa ndi kutali kumadzulo ankasonkhanitsidwa pamenepo, n'kuwaolotsa kupita kutsidya la kum'mawa. Kuchokera uko unali ulendo wapansi wa miyezi, goli lili m'khosi, ena atasenza minyanga, kudutsa dziko la Ayao mpaka ku Kilwa Kivinje. Wofooka ankasiyidwa panjira. Ku Kilwa ankawalonga m'majahazi mothithikana, n'kudikira kusi kuti iwakankhire kumpoto ku Zanzibar. Mphepo yomwe ndaitamanda pamwambapa ndi yomweyo.

Padoko, kapolo aliyense ankalipiridwa msonkho asanatsike. Omwe analemba zomwe anaona amanena kuti odwala kwambiri ankangotayidwa pagombe kuti mwini wake asawononge ndalama pa munthu woti afa. Kazembe wa Britain, Christopher Rigby, anawerengera kuti anthu pafupifupi 19,000 ochokera kudera la nyanja ya Nyasa lokha ankadutsa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse. Amenewo ndi omwe anafika amoyo. Ena ankatsala pachilumbapo kulima karafuu, ena kukhala onyamula katundu padoko lomwelo, ena n'kukwezedwanso kupita ku Arabia ndi ku Persia.

Izi sindizinena kuti ndidetse malowo. Ndimawakonda. Koma ndikamaona zitseko zosemedwa zija, zokhala ndi mitu yamkuwa, alendo akujambulitsa patsogolo pake, ndimadziwa kuti zina zinagulidwa ndi anthu olankhula chinenero chomwe ndikulembachi. Pafupi ndi tchalitchi cha Anglican pali chipilala: anthu asanu osemedwa ataima m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Tsiku loyamba ndinalephera kuchijambula. Wotiperekeza atamva kuti ndine wa ku Malawi anandiuza kuti, “Ndugu yangu, Wanyasa alipo ambiri kuno, kungoti mayina anasintha.”

Malonda amenewa anatha bwanji?

Pang'onopang'ono, komanso mokakamiza. Mapangano a 1822 ndi 1845 anangochepetsa madera omwe akapolo angatumizidwe. Mu Juni 1873, Britain itaopseza kuti itseka doko ndi sitima zankhondo, Sultan Barghash anasaina pangano lotseka msika wa akapolo ndi kuletsa kuwanyamula panyanja. Amene anamukakamiza anali John Kirk, yemwe kale anayenda ndi Livingstone mumtsinje wa Shire mpaka kunyanja yathu. Sitima ya HMS London inakhazikika padoko ngati likulu la maboti osaka majahazi ozembetsa anthu. Kuzembetsako kunapitirira usiku, ndipo ku Mangapwani mpaka lero kuli chipinda chapansi chomwe ankabisamo anthu. Ukapolo weniweniwo unathetsedwa mwalamulo mu 1897.

Pali ulusi wina wotimanga ndi doko limeneli. Amishoni a Anglican a UMCA atalephera ku Magomero, Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862, anasamukira ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko ankalandira ana opulumutsidwa m'majahazi n'kuwaphunzitsa ku Kiungani. Tchalitchi chawo chachikulu anachimanga pamalo a msika wa akapolo, mwala woyamba n'kuikidwa pa Khirisimasi ya 1873. Kuchokera ku Zanzibar ndi kumene anabwereranso kunyanja, n'kukhazikika pa Likoma mu 1885. Livingstone naye ananyamukira pano ulendo wake womaliza mu 1866, ndipo mtembo wake unabwereranso pano mu 1874, om'tumikira ake Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo atausenza kuchokera kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo.

Pali zombo zomwe zinamira padoko pomwepo?

Zilipo. Mu Epulo 1872 namondwe anaphwanya pafupifupi chombo chilichonse chomwe chinali padoko, n'kuzula mitengo yambiri ya karafuu pa Unguja. Kuyambira pamenepo Pemba ndiyo inatsogola pa ulimi umenewu.

Pa 27 Ogasiti 1896 sitima za Britain zinaombera nyumba yachifumu chifukwa Khalid bin Barghash anadzilonga ufumu popanda chilolezo chawo. Nkhondoyo sinakwane mphindi 45, ndipo anthu amakonda kuitchula ngati yaifupi kuposa zonse. Koma anthu pafupifupi 500 a mbali ya Khalid anaphedwa kapena kuvulala m'mphindi zimenezo. Chombo cha mfumu, Glasgow, chinamira, milongoti yake n'kumaonekera pamwamba pa madzi kwa zaka zambiri.

Pa 20 Sepitembala 1914 sitima ya Germany, Königsberg, inatulukira mbandakucha n'kumiza HMS Pegasus yomwe inkakonzedwa injini. Ena mwa omwe anafa anaikidwa pakachilumba ka Chapwani, komwe mumakaona mukamalowa padoko. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, panyanja yathu, sitima ya Britain, Guendolen, inali itaombera ya Germany, Hermann von Wissmann, padoko la Sphinxhaven.

Sitima za injini sizinathetse majahazi?

Zinawalanda maulendo aatali. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima za nthunzi zinayamba kubwera mwezi ndi mwezi mosadikira mphepo. Kenako njanji zinamangidwa kuchokera ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam, ndipo katundu wa kumtunda sanafunikenso kudutsa pachilumba. Zombo za ku Arabia zinapitirizabe kubwera mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900, koma chuma cha mafuta kwawoko ndi kusintha kwa boma kwa pa 12 Januwale 1964 zinadula njirayo.

Komabe pitani ku Malindi, dera la ku Stone Town komweko, kumpoto kwa pomwe maboti a anthu amakocheza. Mbali ina kuli makontena ndi makina owanyamula. Pafupi pomwepo majahazi aima mothinana, akutsitsa makala, matabwa, simenti, mbatata ndi zakumwa kuchokera ku Bagamoyo, ku Dar, ku Tanga ndi ku Pemba. Ambiri tsopano ali ndi injini kumbuyo, koma mphepo ikakhala bwino amaizimitsa, poti mphepo salipira. Jahazi limalowa m'madzi osaya momwe sitima singafike, ndipo likawonongeka fundi amalikonza pamchenga.

Katundu yense ameneyu amatsika pamsana. Ndinaona mwamuna wina, msinkhu wa atate anga, atapinda chiguduli paphewa, akuyenda pathabwa limodzi lopapatiza kuchokera m'chombo, thumba la makala lotalika kuposa iye lili kumsana. Thabwalo linkanjanja, iye n'kumayenda motsatira kunjanjako. Akatula, mlembi ankamupatsa kachizindikiro kowerengera matumba. Thukuta linali litalemba mizere pankhope yake yakuda ndi makala. Sindinawerenge maulendo ake, koma pamene ndinkachoka chombo chinali chitakwera m'mwamba moonekeratu.

N'chifukwa chiyani zombo zina zimaoneka zitagona pamchenga?

Sizinawonongeke. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika pachaka, malinga ndi mvula. Yamchereyi imadzaza ndi kuphwa kawiri tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena wakhanda kusiyana kwake kumafika mamita atatu kapena anayi. Nahodha amalowetsa jahazi madzi atadzaza, amaponya nangula, madzi akaphwa chombo chimakhala pansi ndipo anthu amatsitsa katundu kapena kupala ndere kumimba kwake. Nthawi yonyamuka imalamulidwa ndi madzi ndi mphepo, osati wotchi.

Kuoloka n'kosaopsa?

Maboti akuluakulu a masana ndi abwino, ngakhale m'nyengo ya kusi mafunde amasanzitsa, makamaka pobwerera ku Dar madzulo. Koma nyanjayi yadya anthu. Pa 10 Sepitembala 2011 sitima ya Spice Islander I inamira usiku ikupita ku Pemba itadzaza mopyola muyeso, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu Julayi 2012 ya Skagit inagudubuka ikuchokera ku Dar. Mukaona anthu ndi katundu zachuluka mosakhala bwino, tsikani, ndalama ya tikiti ipite. Mukakwera, yang'anani pomwe pali majekete oyandamitsa musanakhale pansi. Ndipo musalole munthu akunyengerereni kukwera jahazi la katundu usiku chifukwa chotchipa. Si la apaulendo.

Nthawi yabwino yoona doko ndi iti?

Ambiri amapita madzulo ku Forodhani, patsogolo pa linga lakale ndi Beit al-Ajaib, nyumba yaitali yomwe Barghash anamanga mu 1883, ija mbali yake inagwa mu Disembala 2020. Dzuwa likamalowa anyamata amadumphira m'madzi kuchokera pakhoma, ootcha nsomba amayatsa mbaula, matanga a mashua n'kumadutsa kutsogolo kwa dzuwa akupita kokagwira nsomba usiku.

Ine ndimakonda mbandakucha. Mukamva kumzikiti akuitanira swala yoyamba, dzukani mulunjike kumsika wa nsomba wa ku Malindi. Valani nsapato zoti zinyowe, ndipo musajambule munthu musanamupemphe. Asodzi amakhala akubwera, nyali zawo zikuzima imodziimodzi, ndipo dagaa, tinsomba tofanana ndi usipa wathu, timatsika m'zidebe. Wogulitsa amaima pakati n'kumaitanira mtengo, amayi atazungulira ndi mabeseni awo. Pakona pamakhala mkulu wogulitsa khofi wowawa m'tikapu ting'onoting'ono, ndi kashata wotsekemera wolumira. Gulani kapu imodzi, mukhale pakhoma. Madzi akakhala kuti akudzaza nthawi imeneyo, mudzamva nyimbo ya okoka chingwe isanaoneke nsonga ya thanga.